Chifukwa Chake Mafayilo a Oyeza Malo ndi Mapulani a Mainjiniya Amasemphana

Pa ntchito iliyonse yaikulu ya zomangamanga, kaya ndi ya msewu, mlatho, damu kapena nyumba zosanjikizana, imafika nthawi imene injiniya amalowetsa mu pulogalamu yake fayilo yochokera kwa oyeza malo n'kupeza kuti zinthu sizikugwera pamodzi. Mwina msewu umene wajambulidwa ukuoneka ukudutsa pakati pa nyumba zimene zili kale pamalopo, mwina pulani yonse yathawira kutali kwambiri moti pa sikirini pangotsala kadontho. Chimene chimabwera msanga m'maganizo ndi kugwira chojambulacho, kuchikoka mpaka chioneke ngati chakhala m'malo mwake, ndi kupitiriza ntchito. Komatu kusemphana kotere kumakhala ndi gwero lodziwika, ndipo kukula kwake kumaulula gwerolo kwa munthu wodziwa kuwerenga. Wokoka chojambula motengera maso amafafaniza umboni umenewu, ndipo vuto limene walibisa limakatulukira pamalo omanga konkire itathiridwa kale.

Manambala osonyeza malo, amene pa ntchito amangotchedwa ma coordinates, paokha satchula malo alionse. Fayilo ikanena kuti poyinti ina ili pa 612,400 kummawa, 8,512,700 kumpoto ndi 1,000 m'mwamba, manambalawo amakhala ndi tanthauzo pokhapokha zitadziwika zinthu zisanu: datum imene anayezera, projection imene inasandutsa dziko kukhala pepala, muyezo wa utali, pamene kukwera kumayambira kuwerengedwa, ndi chaka chimene manambalawo akuimira. Fayilo wamba ya zojambula ya DWG kapena tebulo la mapoyinti la CSV nthawi zambiri silisunga zimenezi. Pulogalamu yojambulira imangoona x, y ndi z pa bwalo lathyathyathya lopanda malire, ndipo ilibe njira yodziwira kuti mafayilo awiri amene yapatsidwa anayezedwa pa maziko osiyana.

Datum ndiyo maziko oyamba. Dziko lapansi si lobulungira ndendende, koma ndi lophwatalala pang'ono kumapeto a kumpoto ndi kummwera, choncho akatswiri amaliyerekeza ndi chinthu cha masamu chotchedwa ellipsoid. Ellipsoid ya WGS 84, imene GPS imagwiritsa ntchito, ili ndi mamita 6,378,137 kuchokera pakati pa dziko kufika pa ikweta, pamene kuchokera pakatipo kufika kumapeto a kumpoto mtunda wake ndi wocheperapo ndi makilomita pafupifupi 21. Masetilaiti asanabwere, dera lililonse linkasankha ellipsoid yokhala bwino pa nthaka yake n'kuimangirira pa poyinti imodzi yosankhidwa. Britain inatenga ya Airy ya 1830 pa datum yake ya OSGB36, North America inatenga ya Clarke ya 1866 pa NAD27 n'kuimangirira ku Meades Ranch m'chigawo cha Kansas, ndipo mayiko angapo a kummwera kwa Africa anatenga ya Clarke ya 1880 pa Arc 1950. Zotsatira zake n'zakuti chikhomo chimodzi chokhomedwa pansi chimakhala ndi latitude ndi longitude zosiyana pa datum iliyonse, ndipo kusiyanako kumayambira pa mamita makumi angapo mpaka mazana angapo. Ngakhale mzere wa ku Greenwich, umene msonkhano wa ku Washington unausankha mu 1884 kukhala poyambira kuwerenga longitude, suli pa ziro wa GPS. Ziro ameneyo ali mamita pafupifupi 102 kummawa kwa mzere umene alendo amakaona ku Royal Observatory.

Chimene ambiri amachiiwala n'chakuti nthaka imayenda. Australia imasunthira chakumpoto cha kummawa ndi masentimita pafupifupi 7 chaka chilichonse, moti pamene dzikolo linkachoka pa datum ya GDA94 kupita pa ya GDA2020 manambala a malo anasintha ndi mamita pafupifupi 1.8. Mayiko a ku Ulaya anathana ndi vutoli pomangirira datum yawo ya ETRS89 ku nthaka yawo, kuti manambala aziyenda limodzi ndi nthakayo, koma zimenezi zikutanthauza kuti ETRS89 imatalikirana ndi WGS 84 ndi masentimita awiri ndi theka kapena cha pomwepo chaka ndi chaka. Pa chifukwa chimenechi, woyeza malo akangolemba kuti "WGS 84" pa fayilo yake sanamalize kunena zonse. Dzina limeneli likuimira gulu la ma datum amene akhala akukonzedwa kangapo, ndipo kaundula wa ma datum ndi ma projection wotchedwa EPSG, amene tsopano amasungidwa ndi bungwe la IOGP, amaika kulondola kwa gulu lonselo pa mamita awiri. Pa mapu osonyeza misewu ya m'tauni mamita awiri si kanthu, koma pa mzati wa mlatho ndi ambiri zedi.

Kuchoka pa datum imodzi kupita pa ina kumafuna masamu osinthira. Njira yodziwika kwambiri ndi ya Helmert, yotchedwa ndi dzina la katswiri wa ku Germany Friedrich Robert Helmert, ndipo imagwiritsa ntchito manambala asanu ndi awiri: atatu osuntha, atatu otembenuza ndi imodzi yokuza kapena kuchepetsa. Pali kamsampha apa kamene kamakola ngakhale odziwa ntchito. Manambala atatu otembenuzawo amalembedwa m'njira ziwiri, position vector ndi coordinate frame, zimene zimangosiyana pa chizindikiro cha kuphatikiza kapena kuchotsera, ndipo munthu akakopera manambala a njira imodzi n'kuwalowetsa mu pulogalamu yotsatira njira inayo, yankho limatuluka looneka bwino koma lolakwika ndi mamita angapo. Komanso ma datum akale anamangidwa ndi miyezo ya pamanja imene inali ndi zolakwika zosiyana m'madera osiyana, choncho manambala asanu ndi awiri sangawongole dziko lonse mofanana. N'chifukwa chake mayiko ena anapanga matebulo osinthira malo ndi malo, monga NTv2 imene inayambira ku Canada, NADCON ya ku United States ndi OSTN15 ya ku Britain. Mapulogalamu ambiri akasowa tebulo lotere amasankha okha njira ina yofooka osanena kanthu, ndipo ndi udindo wa injiniya kutsegula zenera la zosankhazo n'kuona njira imene yagwiritsidwa ntchito.

Gawo limene limasokoneza mainjiniya kuposa onse ndi la projection, chifukwa limakhudza utali weniweni wa zinthu zimene akumanga. Munthu akang'amba mpira wachikopa n'kuyesa kuuyala pathebulo, sungagone osakokeka penapake kapena kuchita makwinya, ndipo Carl Friedrich Gauss anasonyeza ndi masamu mu 1827 kuti palibe njira yoyalira chinthu chobulungira popanda kusokoneza mitunda yake. Projection iliyonse ndi chisankho cha pamene kusokonekerako kuikidwe. Projection ya UTM, imene ndi yofala kwambiri pa ntchito za uinjiniya, imagawa dziko m'zigawo 60, chilichonse chotambalala madigiri 6 a longitude. Mzere wapakati pa chigawo umapatsidwa nambala ya 500,000 kummawa kuti pasakhale manambala ochotsera, ndipo kummwera kwa ikweta amawonjezera mamita 10,000,000 ku nambala ya kumpoto pa chifukwa chomwecho. Pa mzere wapakatiwo mitunda imachepetsedwa ndi 0.9996, kutanthauza kuti kilomita imodzi imaoneka pa pulani ngati mamita 999.6. Munthu akamatalikira mzerewo kuchepako kumanka kuzilala, pa makilomita pafupifupi 180 mbali iliyonse kumatheratu, ndipo kupitirira apo mitunda ya pa pulani imayamba kutalika kuposa ya pansi mpaka kufika pafupifupi 1.001 m'mphepete mwa chigawo pa ikweta.

Pamwamba pa zimenezi pali kukwera kwa malo. Projection imawerengera mitunda pa ellipsoid, pamene ntchito imamangidwa pa nthaka imene ingakhale pamwamba kwambiri, ndipo malo akakhala otalikirana ndi pakati pa dziko mtunda wa pakati pa mapoyinti awiri umakulirako. Pa malo okwera mamita 1,000 kusiyanako ndi masentimita pafupifupi 16 pa kilomita iliyonse. Tikaphatikiza ziwirizi pa malo amene ali pafupi ndi mzere wapakati wa chigawo cha UTM, tipeza 0.99944, ndiye kuti masentimita pafupifupi 56 pa kilomita. Nyumba yotalika mamita 30 ingasiyane ndi masentimita osakwana awiri, zimene omanga ambiri sangazione n'komwe, koma mlatho wazitsulo wa mamita 400 umene zigawo zake zadulidwa ku fakitale motsatira mitunda ya pa pulani ungapereŵere ndi masentimita oposa 20. Zitsulo zimadulidwa ndi mita yeniyeni, ndipo sizitsatira kuchepetsa kwa mapu.

Apa ndi pamene gulu la ntchito liyenera kusankha, ndipo liyenera kusankha kamodzi, ntchito yojambula isanayambe. Njira yoyamba ndi kujambula zonse pa manambala a grid, ndiye kuti manambala monga projection yawaperekera, kenaka woyeza malo n'kumaika nambala yowongolera m'makina ake pokhoma zikhomo. Imeneyi imathandiza pa misewu italiitali imene iyenera kugwirizana ndi mapu a boma. Njira yachiwiri ndi kukuza manambalawo kuti mita ya pa pulani ifanane ndi mita ya pansi, ndipo imayenera pa malo aang'ono monga fakitale kapena bwalo la ndege. Njira yachiwiriyi ili ndi ngozi yake. Kukuza kulikonse kumachitika mozungulira poyinti inayake, ndipo ngati munthu wakuza mozungulira ziro wa grid, nambala ya kumpoto ya 8,500,000 ikachulukitsidwa ndi 1.000557 imasuntha ndi mamita oposa 4,700. Akakuza mozungulira poyinti ya pakati pa malo a ntchito, manambala amasintha pang'ono chabe, ndipo m'maganizo mwanga zimenezi n'zoopsa koposa, chifukwa manambalawo amaoneka ngati a UTM pamene sali a UTM, moti wina wobwera pambuyo amawaika pamodzi ndi mafayilo a grid osakayika. Oyeza malo osamala amadula manambala oyambirira, mwachitsanzo 8,512,700 n'kukhala 12,700, kuti aliyense aone msanga kuti awa ndi manambala a pamalo pokha. Njira yachitatu, imene ikufala, ndi kupanga projection yapadera ya ntchitoyo yokhala pa kukwera kwa malowo, kuti kusiyana kwa grid ndi pansi kuchepe kwambiri moti n'kosafunika kukuwerengera.

Kumpoto nakonso sikumodzi. Mizere ya kumpoto ya pa grid ndi yoyendera limodzi, pamene mizere yeniyeni ya longitude imakakumana kumapeto kwa dziko, choncho ziwirizi zimagwirizana pa mzere wapakati ndi pa ikweta pokha. M'mphepete mwa chigawo cha UTM pa latitude ya madigiri 45 zimasiyana ndi madigiri oposa awiri. Ojambula mapulani a nyumba amawonjezerapo kumpoto kwawo kwa pa pepala kuti makoma aime molunjika pa sikirini. Ngodya yolumikiza zimenezi iyenera kulembedwa ndi manambala okwanira, chifukwa kulakwitsa ndi madigiri 0.01 okha kumabala masentimita oposa 17 pa mtunda wa kilomita imodzi.

Nkhani ya kukwera ili ndi maziko akeake. Makina a GNSS, oyeza malo ndi masetilaiti monga a GPS, amayeza kukwera kuchokera pa ellipsoid, koma madzi satsatira ellipsoid. Amatsatira mphamvu yokoka ya dziko, imene si yofanana paliponse. Malo amene nyanja ikanakhazikika ikanati idutse pansi pa mitunda yonse amatchedwa geoid, ndipo kukwera kumene mainjiniya amagwiritsa ntchito kumawerengedwa kuchokera pamenepo kapena pafupi napo. Geoid ili pansi pa ellipsoid ya WGS 84 ndi mamita pafupifupi 106 m'nyanja ya Indian Ocean kummwera kwa India, ndipo ili pamwamba pake ndi mamita pafupifupi 85 cha ku New Guinea. Kuti kukwera kwa GNSS kusanduke kukwera kogwira ntchito pamafunika tebulo la geoid monga EGM96, EGM2008 kapena la dziko limene ntchito ikuchitikira, ndipo matebulo amenewa sapereka yankho limodzi. Woyeza mmodzi akagwiritsa ntchito EGM96 ndipo wina EGM2008, nthaka ya pa kompyuta imakhala ndi chitunda chabodza pamene mafayilo awo akumanira, ndipo ngalande kapena mapaipi oyendera kutsetsereka kwa malo akhoza kujambulidwa mopita kumtunda.

Mayiko nawonso amayambira kuwerenga kukwera pa nyanja zosiyana. Pomanga mlatho wa pa mtsinje wa Rhine ku Laufenburg mu 2003, mainjiniya ankadziwa kuti Germany imawerengera kuchokera ku Amsterdam pa North Sea pamene Switzerland imawerengera kuchokera ku Marseille pa Mediterranean, ndiponso kuti kusiyana kwake ndi masentimita 27. Chimene chinalakwika ndi chizindikiro chokha: nambalayo inaikidwa mbali yolakwika, kusiyanako n'kuwirikiza kukhala masentimita 54. Vutoli linaoneka mlathowo usanamalizidwe ndipo linakonzedwa, koma likusonyeza kuti kudziwa nambala yowongolera sikokwanira ngati palibe amene waiyesa pa chikhomo chodziwika kukwera kwake m'njira zonse ziwiri.

M'kati mwa mapulogalamu enieniwo, zinthu zimasiyana malinga ndi ntchito imene pulogalamuyo inapangidwira. Civil 3D ndi OpenRoads Designer zimalola munthu kutchula coordinate system ya fayilo, ndipo zikauzidwa zimatha kusintha zinthu zina zolowa kuti zigwere pamalo oyenera. Apa pali kusiyana kumene aliyense ayenera kukumvetsa: kutchula system ndi kusintha manambala ndi ntchito ziwiri. Kutchula kumangomata dzina pa manambala amene alipo, pamene kusintha kumawerengera manambala atsopano. ArcGIS imasiyanitsa ziwirizi ndi Define Projection ndi Project, ndipo QGIS ndi Assign projection ndi Reproject layer. Munthu akalandira fayilo ya Arc 1950 n'kuimata dzina la WGS 84, sanasinthe kanthu. Wangonamiza pulogalamuyo, ndipo aliyense wolandira fayiloyo pambuyo pake adzakhulupirira dzinalo.

Revit, imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa nyumba, ili ndi kaganizidwe kena. Imaona dziko ngati lathyathyathya, imafuna kuti zojambula zonse zikhale mkati mwa makilomita 16 kuchokera pa ziro wa pulogalamuyo wotchedwa Internal Origin, ndipo imalumikiza nyumbayo ndi dziko kudzera pa Survey Point ndi Shared Coordinates, zimene zimangosuntha ndi kutembenuza popanda kukuza kapena kuchepetsa. Malire amenewa ali ndi chifukwa chake. Kompyuta imasunga nambala m'malo ochepa, ndipo mbali zina za mapulogalamu, makamaka zoonetsa zithunzi pa sikirini, zimagwiritsa ntchito single precision imene imasunga madijiti pafupifupi asanu ndi awiri okha. Nambala ikapitirira 8,388,608, njira imeneyi imadumpha mita yathunthu kuchoka pa nambala imodzi kufika pa yotsatira, ndipo n'chifukwa chake nyumba yojambulidwa pa manambala enieni a UTM imaoneka yonjenjemera, mizere yake yosakumana. Njira yabwino ndi kujambula nyumbayo pafupi ndi ziro wa pulogalamu, kenaka n'kutenga malo ake pa fayilo imodzi yovomerezeka ya woyeza malo pogwiritsa ntchito Acquire Coordinates. Mafayilo a IFC, osinthanirana mapulani pakati pa mapulogalamu osiyana, kuyambira pa IFC4 ya mu 2013, ali ndi IfcProjectedCRS ndi IfcMapConversion zosungira dzina la system, poyinti yolumikizira, ngodya ndi nambala yokuzira, ngakhale kuti si mapulogalamu onse amene amalemba kapena kuwerenga zimenezi mofanana.

Zolakwika zina n'zapafupi koma zofala. Oyeza malo ambiri amayamba ndi nambala ya kumpoto, pamene mapulogalamu ojambulira amayamba ndi x, amene ndi kummawa. Mu Civil 3D kusankha ndondomeko ya PENZD, yoyamba ndi kummawa, m'malo mwa PNEZD, yoyamba ndi kumpoto, kumataya mapoyinti kutali ndiponso kumawatembenuza ngati chithunzi cha pagalasi. Mapulani a nyumba nthawi zambiri amakhala m'mamilimita pamene a msewu ali m'mamita. Ku United States kwakhala mafiti a mitundu iwiri, a mayiko onse a mamita 0.3048 amene anakhazikitsidwa mu 1959, ndi US survey foot imene ndi mamita 1200/3937. Amasiyana ndi magawo awiri okha pa miliyoni, koma pa nambala ya mafiti 2,000,000 kusiyanako kumakwana mafiti anayi. US survey foot inasiyidwa mwalamulo kumapeto kwa 2022, koma mafayilo akale akadali nayo.

Zonsezi zikamveka, kusemphana kwa mafayilo kumawerengeka ngati chizindikiro cha matenda. Kukakhala kwa makilomita mazana kapena masauzande, wokayikitsa ndi chigawo cha UTM, mamita 10,000,000 a kummwera kwa ikweta, kapena manambala osinthana malo. Kukakhala kwa mamita makumi kapena mazana, kofanana ndiponso kolozera mbali imodzi pa malo onse, ndi datum. Kwa mita imodzi kapena awiri kumaloza ku chaka cha miyezo, njira yosinthira yofooka kapena mtundu wolakwika wa mafiti. Kukakhala kochepa pakati n'kumakula molozera kunja, ndi kusiyana kwa grid ndi pansi, ndipo kukamakula mozungulira ndi ngodya ya kumpoto. Munthu amene wayeza kusemphanako pa mapoyinti anayi kapena asanu otalikirana asanakhudze kanthu amakhala atadziwa kale pamene ayenera kufufuza.

Chimene chimamanga zonse pamodzi ndi mabikoni a pamalo a ntchito, chifukwa ndi okhawo amene alipo ponse pawiri, pa kompyuta ndi pansi. Ayenera kuzungulira malo onse, chifukwa masamu ogwirizanitsa amakhala odalirika mkati mwa mabikoniwo ndipo amasochera msanga kunja kwake. Mabikoni ondandalika mzere umodzi amasiya kupendekeka kwa mbali inayo kosatsimikizika. Kugwirizanitsa ndi mapoyinti awiri okha kumaonetsa kusemphana kotsala kwa ziro nthawi zonse ngati pulogalamu yaloledwa kusuntha, kutembenuza ndi kukuza, ndipo ziro ameneyo satsimikizira kanthu, popeza masamuwo analibe poyinti yowatsutsa. Pamafunika mapoyinti ochulukirapo, ndipo ena asiyidwe dala kunja kwa masamuwo kuti akhale oyesera. Nambala yokuzira imene yatuluka iyerekezedwe ndi imene ikuyembekezeka pa malowo. Ikasiyana kwambiri, mwina bikoni ina inasunthidwa ndi makina okumba, kapena manambala ake ndi a datum ina.

Zosankha zimenezi zilembedwe pa tsamba limodzi limene aliyense wa pa ntchitoyo ali nalo: nambala ya EPSG kapena tsatanetsatane wa projection yapadera, datum ndi chaka chake, njira yosinthira, tebulo la geoid, muyezo wa utali, ngati manambala ndi a grid kapena a pansi pamodzi ndi poyinti yokuzira, ngodya ya kumpoto, ndi manambala a mabikoni. Mabikoni omwewo aikidwe mu fayilo iliyonse, ya msewu, ya nyumba, ya mapaipi ndi ya magetsi, kuti wolandira fayilo athe kuona m'mphindi zochepa ngati yagwera bwino. Zikhomo zomangira zisanakhomedwe, manambala a mabikoniwo atulutsidwe kuchokera mu pulani yomaliza kudzera m'njira yomweyo imene mapoyinti omangira adzatulukire, alowetsedwe m'makina a woyeza malo, ndipo iye akaime pa bikoni iliyonse n'kuwerenga kusiyana kwa kummawa, kumpoto ndi kukwera.